Thovu Limene Linakana Kukwera

M'nyumba yathu ya boma ku Petauke munali nyanja. Ndikawauza anthu chonchi amaseka, amati ukalamba wandilowa m'mutu, koma ndikunena zoona. Inali nyanja yaing'ono, yotalika mikono iwiri, yotsekeredwa m'bokosi lagalasi, ndipo madzi ake anali amchere enieni ochokera ku Dar es Salaam. Anaibweretsa ndi amuna anga, ndipo ine ndinadana nayo kuyambira tsiku loyamba.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, njira ya kumwera itatsekedwa, katundu wa dziko lonse akudzera msewu wa kumpoto. Amuna anga ankayendetsa lole yaikulu pamsewu umenewo. Akachoka ankatha masabata atatu, nthawi zina mwezi wathunthu. Ine ndinkagwira ntchito yotaipa makalata paboma, ndipo nyumba ya magetsi ija tinaipeza chifukwa cha ntchito yanga. Ana athu awiri anali kusukulu yogonera komweko. Bamboyu anakulira ku Msanzala, kumene madzi ambiri amene munthu amawaona ndi a padambo m'dzinja. Atakaona nyanja yamchere ali kale ndi imvi ziwiri zitatu, mutu unazungulira ndipo sunabwererenso m'malo.

Madalaivala anzawo ankabweretsera akazi awo zitenje, mawailesi ndi sopo. M'dziko munalibe sopo nthawi imeneyo. Tinkaima pamzere kusitolo ya boma kuyambira m'mawa, nkubwerako ndi fumbi lokha kumapazi. Anga anabwera ndi bokosi lagalasi limene anapatsidwa ndi mzungu wina wokalamba wa kudoko amene ankabwerera kwawo, miyala yonunkha m'ndowa, ndi mgolo wa madzi oti sungamwe, sungachapire, sungathirire ndiwo. Ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno nkuwafunsa ngati anandikwatira kuti ndizidya madzi amchere. Iwo anangoseka, nkupitiriza kutsitsa katundu wawo.

Ulendo wotsatira anabweretsa nsomba zinayi. Ziwiri zinali zofiirira ngati lalanje lakupsa, zokhala ndi malamba oyera m'thupi. Ina inali yabuluu, ina yachikasu, yamanyazi, yokonda kubisala kuseri kwa mwala. Pamiyala ija panali timaluwa tofewa timene tinkatseka ukatikhudza, ndipo amuna anga ankati ndi tamoyo ngati ine ndi iwo. Nsomba zonse zinayi ukanaziphika pamodzi sizikanakwana ndiwo za mwana. Bokosilo ndinalitcha mkazi mnzanga, chifukwa bambo akafika paulendo ankayamba kulipatsa moni ilo, ine pambuyo.

Pakona ya bokosi panali chinthu chimene tinkangochitcha mpope wa thovu. Unali mpope wapulasitiki woonekera mkati, woimirira m'madzi. Kunsi kwake kunali kamtengo koyera, kofewa, kotalika ngati chala. Kapampu ka magetsi kankakankha mpweya kudzera m'kapaipi kakang'ono mpaka m'kamtengo kaja, ndipo mpweyawo unkatuluka uli timibulu tating'onoting'ono tambirimbiri. Timibuluto pokwera tinkatola litsiro la m'madzi, pamwamba nkusanduka thovu lolimba, thovulo nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kugwera m'kapu imene inali pamutu pa mpope. M'mawa uliwonse m'kapumo munkakhala madzi akuda onunkha koopsa. Amuna anga ankawanunkhiza mokondwa ngati munthu wolawa mowa wapsa bwino. Ankati mpopewo ndiwo chimbudzi cha nsomba, ukaima ndiye kuti nsomba zikusambira m'zonyansa zawo.

Popeza iwo sankakhalitsa pakhomo, wosamala mkazi mnzangayo ndinali ine ndemwe. Anandiphunzitsa kutaya za m'kapu, ndi kuwonjezera madzi a mvula madzi akatsika, osati amchere, poti mchere suuluka ndi dzuwa. Koma lamulo lalikulu, limene ankalibwereza mpaka kunditopetsa, linali la sopo.

"Amake mwana, sopo isakhudze manzi aya, olo pang'ono. Ni poizoni ku nsomba."

"Nanga manja yanga nizisamba na chani?"

"Na manzi chabe. Mukalibe kugwila mu bokosi, sopo iyayi."

Ndinawayankha kuti asavutike, sopo yoti ndiwonongere nsomba ndilibe. Lamulolo ndinalisunga ndithu, monga mmene ndinkasungira malamulo a kutchalitchi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina ndili pa taipi anandiitana ku ofesi ya akuluakulu, nkundiuza kuti lole yagubuduzika pamtsetse wina kumpoto, ndipo amuna anga athyoka msana. Anakhala m'chipatala ku Lusaka miyezi inayi, mng'ono wawo akuwadikirira, ine nkumapitako ndikapatsidwa masiku. Miyezi yonseyo nsomba ndinazisunga ndekha, ndipo mpope unkagwira ntchito bwinobwino. Madzi otsala mumgolo ndinkasinthira pang'onopang'ono mpaka anatha. Atatha ndinadziwa kuti ena sadzabweranso, chifukwa wotunga uja anabwera kunyumba atamunyamula pamachira, miyendo itafa kuyambira m'chiuno.

Masabata oyamba anatembenukira kukhoma. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi nkhani za pamsewu anangoti zii. Phala ankalikankha. Mthandizi wa dokotala amene ankabwera kudzawaona ananditengera panja nkundiuza mosabisa kuti munthu wotere akamangogona amapita ndi zilonda za pamsana kapena chifuwa. Anati ayenera kukhala tsonga tsiku lililonse, ndipo ayenera kufuna yekha. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, zonse zinagwa pansi. Kenaka tinasamutsira bedi m'chipinda chochezera kuti alendo aziwaona mosavuta, ndipo m'mawa mwake ndinamva mawu.

"Niimikeni ko. Nifuna kuona ngati yachikasu ija ikali moyo."

Ndinawatsamiritsa pamapilo, nkumangirira chingwe kudenga choti azidzikokera. Anaona nsomba zawo zonse zinayi, nkuyamba kundidzudzula kuti ndaunjika miyala molakwika. Sindinakondwerepo ndi chidzudzulo ngati tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo nsomba zikadya, iwonso ankadya. Ankakhala tsonga kuyambira m'mawa mpaka masana, kuyang'ana thovu likukwera mumpope, nkumandiuza ndikaweruka zimene nsomba iliyonse yachita. Ndinazindikira, ngakhale zinandiwawa, kuti moyo wa amuna anga wagwirizika ndi mkazi mnzanga uja.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Msanzala ndi botolo la mafuta a nsatsi oyenga okha, akuda, olemera, onata ngati uchi. Anandionetsa kadzozedwe kake, kuyambira m'chiuno kutsika mpaka kuzala, kukanda ndi mphamvu, m'mawa ndi madzulo. Anati miyendo idzadzuka. Mthandizi wa dokotala anati siidzadzuka, koma kudzozako nkwabwino pakhungu, ndipitirize. Ndinapitiriza, koma osati mwakachetechete. Ine pakamwa panga sipanaphunzire kutseka. Ndinkadzuka kukada, kutunga madzi, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa nsalu popanda sopo, ndiyeno nkugwada ndi botolo lija nthawi ya ntchito ikutha. Manja ankakanda, lilime likugwira yakeyake.

"Mafuta aya yalibe nchito, bambo. Nichita chabe kaamba ka apongozi. Tsiku nikapeza chifukwa, nizaleka."

Ndinkanena mawu amenewa pafupifupi tsiku lililonse, monga mmene munthu amatukwanira nkhuku zolowa m'nyumba. Ndikamaliza ndinkatsukuluza manja m'madzi ozizira, opanda sopo monga mwa lamulo, nkupukuta pachitenje, nkupita kukasamalira bokosi.

Pasanathe sabata thovu linaleka kukwera. Mpweya unkalowa, timibulu tinkakwera, koma tikafika pamwamba tinkangophulika, phwa, phwa, osagwirana. Kapu inali youma. Tsiku loyamba tinati mwina mpope wangotopa. Tsiku lachitatu amuna anga anayamba kulamula ali pabedi, ine ndikuchita. Ndinazula kapaipi ka mpweya nkukaviika m'beseni kufuna pobooka, monga timachitira ndi chubu cha njinga. Panalibe. Ndinatsegula kapampu ndi mpeni wa patebulo, nkupeza kampira ka mkati katayamba kung'aluka. Ndinati ndapeza mfiti. Ndinadula kena pachubu chakale, ndinayesa katatu kuti kakwane, ndipo kapampu kanayamba kulira mwamphamvu kuposa kale. Ndinapisa mkono m'madzi kubwezeretsa kapaipi. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, koma thovu silinabwere.

Anati mwina mpope wamira kwambiri, ndinaukweza. Anati wakwera kwambiri, ndinautsitsa. Anati madzi achepa, ndinawonjezera a mvula amene ndinkasunga m'mabotolo. Ndinatsuka kapu ndi madzi otentha, ndinapala mkati mwa mpope ndi nthenga ya nkhuku. Chilichonse chimene ndinkayesa chinkafuna kuti ndipise mkono mpaka m'chigongono, ndipo ndinkapisa m'mawa, masana ndikabwera kudzawapatsa chakudya, ndi madzulo. Masiku ena ndikaweruka ndinkapeza kathovu kochepa katayamba kuunjikana, ine nkuthamangira kukakonza mpope kuti kakwere msanga, ndipo pomwepo kankagwa. Ndinayamba kulankhula nawo mpopewo ngati munthu, kuufunsa chimene ndinaulakwira.

Madzi anayamba kusintha mtundu, kuchoka poyera mbee kufika ngati tiyi wosalowerera. Timaluwa ta pamiyala tinatseka osatsegulanso, kenaka tinayamba kusungunuka, fungo lake nkudzaza nyumba. Nsomba yachikasu ndinaipeza m'mawa wina itatsamira mwala, yafa. Ndinafuna kuibisa, koma bedi linali pafupi, ndipo maso a munthu wosayenda saphonya kanthu. Tsiku limenelo anadya theka la phala.

Apongozi, amene anali atabweranso kudzationa, anati vuto ndi chiyani, si madzi amchere basi? Anali ndi kamchere kawo komanga pansalu, anati titunge madzi pachitsime tisungunule. Mwana wawo anapukusa mutu, nati mchere wa m'ndiwo si nyanja, nsomba zikhoza kufa tsiku lomwelo. Mayiwo anakhumudwa, nati sanaonepo nsomba zonyada chonchi. Pamenepo ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Chinatsala ndi kamtengo kaja. Amuna anga anati mwina timabowo take tatsekeka. Ndinakapala ndi lezala, ndinakawiritsa, ndinakayanika padzuwa, koma kanali katada ndipo kankafumbutuka m'manja. Kena kosinthira kanalibe. Anandiuza za kalipentala wina ku Nyimba, amene anapanga tebulo loikapo bokosi lija, munthu wodziwa mitengo kuposa ana ake. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinanama kuti ndikukaona wodwala, poti ukanena kuti ukukafunira nsomba mtengo akhoza kukutumiza kuchipatala cha amisala. Ndinasiya apongozi pakhomo, ndinaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pasiteshoni, nkukwera basi kamtengo kali m'kampango ngati mankhwala.

Kalipentalayo anali wamfupi, wa utuchi m'tsitsi. Anakatembenuza kamtengoko, anakanunkhiza, anakaluma pang'ono.

"Amai, uyu ni mtengo wa kwa azungu. Kuno kulibe."

"Bambo, nachoka kutali. Yesani ko chabe."

Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anaona kuti ndatsala pang'ono kulira pakati pa malonda ake. Anatenga mbale ya madzi, nayamba kudula tizidutswa, kuboola pakati, kulowetsa bango, nkumauzira ndi pakamwa. Mlombwa sunatulutse mpweya ngakhale pang'ono, masaya ake anatupa ngati a chule. Mbawa chimodzimodzi. Nsungwi inatulutsa mibulu ikuluikulu yopanda ntchito. Anthu odutsa anayamba kuima kuti aone mkulu wathunthu akusewera ndi madzi. Pomaliza anazula kachidutswa pachitseko chakale cha chiwale, nasenda khungu lake, nauzira. M'mbale munachita mbuu, timibulu tosalala ngati ufa. Anandidulira zidutswa zisanu ndi chimodzi, nati ndikawapatse moni bambo.

Basi yobwerera sinabwere tsiku limenelo, ndipo ndinagona kwa mkulu wanga komweko ku Nyimba. Nditafika kunyumba mawa lake masana, m'kapu munali timadzi takuda, tochepa, tokwana supuni ziwiri.

"Mailo, imwe kulibe, thovu inakwelako pang'ono," anatero amuna anga, osandiyang'ana.

"Nanga munachita chani?"

"Palibe. Amai anaponyamo chabe vakudya na sipuni."

"Ndiye kuti na makina yomwe yanizonda? Nikachoka yasebenza, nikabwela yaleka?"

Ine ndinali ndi fumbi la msewu m'maso ndi mkwiyo mumtima, ndipo sindinaime kuti ndiganize. Apongozi anabwerera kwawo, ine ndinawadzoza bambo mafuta awo a madzulo, ndinatsukuluza manja, nkupisa mkono kuika chiwale changa. Mpope wonse unayera ngati mkaka. Timibulu totere sitinationepo ngakhale pa kamtengo ka azungu. Ndinakhala pampando kudikira, mtima uli m'mwamba. Timibulu tinafika pamwamba nkumaphulika monga kale, ndipo kathovu kamene kanayamba ine kulibe kanatheratu.

Apa ndiye ndinasowa mtengo wogwira. Ndinali nditasintha chilichonse chosinthika. Yabuluu inafa Lachisanu, itayamba yapuma mofulumira pamwamba pa madzi masiku awiri. Imodzi ya malalanje ija inatsatira, ndipo inzake inkangozungulira pamalo amodzi pamene zinkagona. Amuna anga anayamba kupempha kuti ndiwagoneke dzuwa lisanafike pamutu. Pamsana panaoneka kachilonda koyamba, kofiira, kakang'ono ngati khobidi. Kuntchito ndinkalakwitsa makalata, ndipo akuluakulu anandibwezera kalata imodzi katatu. Ndinkaopa kubwerera kunyumba, ndinkaopanso kuchedwa. Ndinapemphera ngakhale pemphero lochititsa manyazi, lopempherera nsomba imodzi yosakwana chikhatho.

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likulowa pawindo molunjika pabokosi. Usiku wonse palibe anagwira madzi, ndipo mumpope munali kathovu kokwana chala, kakuyesa kukwera. Ndinamaliza kudzoza, ndinatsukuluza manja, nkupita kukasuntha chiwale kuti mwina ndikathandize. Mkono utangolowa ndinaona chinthu chimene masiku ena onse mdima wa m'nyumba unkandibisira. Kuchokera pakhungu langa panayala kansalu kopyapyala pamwamba pa madzi, konyezimira mitundu ya utawaleza, nkumafalikira mpaka kumakona. Ndinayang'ana mumpope. Kathovu kaja kanagwa ndikuona, ngati munthu wakomoka.

Ndinaima chomwecho mkono uli m'madzi. Mkazi aliyense amadziwa kuti nyemba zikamafufuma pamoto, umadonthezamo mafuta pang'ono ndipo thovu limagwa. Ndinazidziwa ndili kamtsikana. Ndinapita mpaka ku Nyimba kukavutitsa kalipentala, ndinang'amba kapampu, ndinatukwana mpope wosalakwa, chonsecho mfiti ndinkayenda nayo m'manja mwanga. Mafuta a nsatsi sachoka ndi madzi ozizira, ndipo sopo ndinkaipewa dala pomvera lamulo.

Ndinatembenuka kuti ndiwauze. Sankayang'ana bokosi. Ankayang'ana mkono wanga, ndipo maso athu atakumana anagwetsa nkhope ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika.

"Munaziba," ndinatero.

Anayamba kukonza bulangeti pachifuwa.

"Bambo, nikufunsani. Munaziba?"

"Ninaona."

"Liti?"

"Mukalibe kuyenda ku Nyimba nenze kuganizila chabe. Pamene munagona kuja, thovu inakwela, ninaziba."

Ndinakhala pansi pasimenti, madzi amchere akutsika m'chigongono. Kuchokera tsiku la ku Nyimba panali patafa nsomba ziwiri. Munthu uyu anagona apo, kundiona ndikupisa mkono katatu patsiku, kuona nsomba zake zikufa imodziimodzi, pakamwa ali tseke. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Mwapenga? Nsomba zanu zakufa, imwe muli zii! Chifukwa chani simunakambe?"

"Munakamba mweka, amake mwana."

"Ninakamba chani?"

"Kuti tsiku mukapeza chifukwa, muzaleka."

Apo ndinakuwa, chifukwa kukuwa ndiko ndinkadziwa.

"Nanga sembe sininagwile na kandodo? Sembe sininasambe na phulusa? Vinthu vapafupi!"

"Sininaganizeko," anatero motsitsa. "Nenze kuyopa chabe."

"Kuyopa chani? Miyendo yanu siimvela olo kanthu! Ningakutsineni apa, simungazibe!"

"Sinimvela," anatero. "Koma nimaona."

Sindikumbuka kuti ndinakhala pansipo nthawi yaitali bwanji. Kapampu kankalira, nsomba yotsala ija inkapuma pakona. Ndinaganiza za m'mawa uliwonse umene ndinagwada pabedi lija, manja anga ali pamiyendo yawo, pakamwa pakutuluka minga. Ine ndinkayesa kuti mawu anga ndi mphepo, poti ndinazolowera kuwataya. Iwo, amene analibenso lole, msewu, kapena miyendo, ankawatola limodzilimodzi nkuwasunga. Anayeza nsomba zawo ndi kanthawi kaja ka manja anga, nasankha, ndipo anasankha ali okha chifukwa ankaopa lilime langa.

Tinayesa kupulumutsa chotsala. Anandiuza kuyala pepala la nyuzipepala pamwamba pa madzi nkulichotsa msanga kuti linyamule mafuta, ndipo ndinatha nyuzipepala zonse za m'nyumba. Ndinang'amba nsungwi nkupanga chopanira chachitali, kuti dzanja lisayandikirenso madzi. Ndikadzoza ndinkasamba ndi phulusa ndi madzi otentha mpaka khungu kuwawa. Lolemba thovu linakwera. Linakwera lolimba, lakuda, lonunkha kuposa kale lonse, ndipo kapu inkadzaza katatu patsiku. Chiwale cha ku Nyimba chinagwira ntchito yoposa kamtengo ka azungu. Ndinkanyamula kapu ija kukataya ngati ndanyamula chopereka.

Koma nsomba inali italeka kale kudya. Inkagona chammbali pamchenga, nkudzuka, nkugonanso. Tinkaiyang'ana tonse awiri, wina pabedi wina pampando, ndipo panalibe choti nkusintha, choti nkupala, kapena kwina koti nkukwerera basi. Lachinayi m'mawa ndinaipeza itauma, malamba ake oyera atachita imvi. Madzi anali atayamba kuyera bwino, ndipo mpope unkagwira ntchito yake mokhulupirika m'bokosi lopanda kanthu. Ndinaichotsa ndi chopanira chija nkukaikwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa mpapaya. Nditabwerera ndinapeza atatembenukira kukhoma. Tsiku lonse sanadye, ndipo ine sindinakalipe.

M'mawa mwake ndinachedwa dala kukhitchini. Ndinatsuka mbale zotsuka kale. Ndinkaopa kulowa nkupeza msana uja, chifukwa ndinkadziwa tanthauzo lake, ndipo ndinalibenso nsomba yoti ndiwadzutsire. Botolo la mafuta linali pawindo, ndinkaliyang'ana ngati mdani. Kenaka ndinamva chingwe cha kudenga chikulira, ndi bedi likugwedezeka. Ndinalowa botolo lili m'manja. Anali atadzikoka okha mpaka kukhala tsonga, thukuta lili kamukamu pamphumi, ndipo anali atavundukula kale bulangeti kumiyendo.

"Zimani pampu," anatero. "Isatisokoneze."

Ndinazimitsa. M'nyumba munachita bata limene tinali titaliiwala. Ndinagwada, ndinathira mafuta m'chikhatho, nkuyamba m'chiuno monga anandiphunzitsira apongozi. Ndinkafuna kuwauza kuti sindikanaleka, ngakhale chifukwa chikanabwera chachikulu ngati phiri. Mawu oipa ankatuluka okha pakamwa panga, koma awa sanatuluke tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse m'zaka zimene anakhalabe ndi moyo. Miyendo sinadzuke. Ndinakanda pang'onopang'ono, kutsika m'mawondo, m'akakolo, mpaka chala chilichonse pachokha, ndipo sindinafulumire ngakhale nthawi ya ntchito inali itakwana. Nditadzutsa mutu ndinapeza akuyang'ana manja anga, mmene ankayang'anira nsomba zija.